AMENE MUKUTI AMANGODINADINA UJA NDI MNG'ONO WANGA

Abale anga akugombe, anyamata ndi atsikana a ku Msaka, Malembo, Chembe, Monkey Bay mpaka Makawa. Uthengawu ndi wautali, ndikudziwa, koma mulibe vidiyo muno, bandulo yanu siitha. Werengani mpaka pansi, mukatero munditukwane ngati mukufuna.

Lachiwiri lapitali ndinali pagombe ndikutsuka kabuleta ya injini ya bwana wina. Pafupi nane panali bambo ena, akuluakulu amene ndimawapatsa ulemu, akukalipira mwana wawo wa Sitandade 7 chifukwa anamupeza mu shedi muja amaikamo nyimbo m'mafoni. Mwanayo sanabe kanthu. Samaonera zolaula. Amangoyang'ana mmene mwini shedi amalembera mayina a nyimbo pakompyuta. Bambowo anamukoka khutu n'kunena, ine ndikumva ndi makutu angawa: "Ukufuna udzakhale ngati uja wa ku Misesa, wongodinadina, amuna anzake akukoka chilimira?" Anthu anaseka. Ine ndinangowerama n'kumamanga kabuleta ija, koma manja amanjenjemera. Uja wa ku Misesa ndi mng'ono wanga, bere limodzi.

Pamaso pa akuluakulu sindikanayankha, anatilera bwino kwathu. Koma muno ndiyankha, chifukwa mawu amenewa si a bambo amenewa okha. Ambiri a ife timawanena. Inenso ndinawanenapo, ndivomera.

Mfundo yanga ndi imodzi. Kupanga dizaini pakompyuta ndi ntchito ya manja ngati yanga ya injiniyi. Imaphunziridwa ndi thukuta, ili ndi malamulo ake, imadyetsa banja. Ndipo mwana amene waonetsa chidwi nayo akadali wamng'ono, amene timamupha ndife tomwe, ndi pakamwa pathu.

Ndikuuzeni mmene mng'ono wangayo anayambira, muone ngati muli ulesi. Ali ku pulayimale amapita mu shedi ngati momwemuja, kukasesa ulere kuti amulole kugwira mausi mphindi zochepa makasitomala akachepa. Madala amamukwapula, ine ndimamuseka. Amajambula mayina pa mabwato a anthu ndi utoto wotsala, ndipo pagombe lathu pali maboti awiri amene mpaka lero akuyenda ndi zilembo zake. Atapita ku sekondale yoyendera anamva kuti pa mayeso a MSCE pali phunziro la Computer Studies, anasangalala kwabasi. Pasukulupo makompyuta analipodi, ena ake anapereka, koma anawatsekera m'chipinda atawafunditsa nsalu. Mphunzitsi wake kunalibe, magetsi amavuta. Zaka zinayi mwana anangowaonera pawindo. Sukuluyo sinditchula, mwina yanunso inali chimodzimodzi.

Atalemba Fomu 4 mu 2021 mapointi sanali oti n'kupita nawo ku MUBAS kapena ku Chancellor. Madala anati basi, malo ako m'boti alipo. Iye anapempha kuti apite kwa azakhali ku Misesa, kufupi ndi phiri la Soche ku Blantyre, amene amagulitsa usipa wouma mumsika wa Limbe. Anagwirizana kuti m'mawa aziwanyamulira nsomba. Mwana wakunyanja amene anazolowera kugona osafunda anakaona chiperoni, anakaona kutunga madzi pa kiyosiki mbandakucha, kukwera chitunda ndi chigubu pamutu. Akamaliza za nsomba amapita pa kashopu kena kopulinta ku Limbe, kumakaima pakhomo mpaka mwini wake anatopa naye n'kumupatsa ntchito yodula mapepala ndi kuboola mabuku. Miyezi yambiri osalandira kanthu, koma maso ali pa sikirini, kuona mmene CorelDRAW amaigwiritsira ntchito. Nanga ine ndinayamba bwanji? Chaka chathunthu ndikutsuka masipana a amisiri anga, osaloledwa kumasula ngakhale pulagi. Palibe amene ananditcha waulesi. Kusiyana kwake n'kuti ine ndimabwera kunyumba ndili ndi girisi m'zala, iye amabwera manja ali oyera. Basi. Tikuweruza ntchito ndi litsiro.

Laputopu yake yoyamba tinasonkherana ine ndi azakhali. Inali yakale, batire yakufa, ukangozula waya yazima. Ndiye mukukumbuka Januwale 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira, magetsi amazima maola ambirimbiri dziko lonse. Mng'ono wanga amagona madzulo n'kudzuka pakati pa usiku magetsi akabwera, kugwira ntchito mpaka atazimanso. Inu a siginala amene mumachezera ndi nyali pamadzi, simuli nokha amene mumadziwa tulo tamasana.

Mu Malichi 2023 Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, anthu ambiri anafa ku Chilobwe ndi madera ozungulira phirilo. Masiku atatu foni yake sinkapezeka, amayi sanadye. Atapezeka anatiuza kuti ali moyo, azakhali ali moyo, ndipo anali pa shopu paja akukonza mapepala a zithunzi za anthu osowa ndi mapulogalamu a maliro. Anthu amabwera ndi kachithunzi kamodzi kozimiririka kali m'foni, iye n'kukakonza kuti nkhope ioneke. Ambiri sanawalipiritse. Kodi kumeneko n'kudinadina?

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga nditapita kukamuchezera, chifukwa inenso ndimaganiza kuti kompyuta imapanga yokha. Ayi ndithu. Mtundu umene mumauona pa sikirini si umene umatuluka papepala. Sikirini imasakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, pomwe pulinta imasakaniza inki zinayi, ndiye ukapanda kudziwa, buluu wowala uja amatuluka wakuda bii, kasitomala n'kukana mapepala onse, ndalama ya inki n'kukhala yako. N'chimodzimodzi ine ndikalakwitsa muyezo wa oilo mu petulo. Injini ya Yamaha Enduro imafuna lita imodzi ya oilo pa malita 50 a petulo. Ukachepetsa pisitoni imagwira, ukachulutsa pulagi imada. Iyenso ali ndi miyezo yake. Chithunzi chimene mwatumiza pa WhatsApp chimafinyidwa, chikakulitsidwa pa bana yaikulu nkhope imasweka timabokositimabokosi, ndiye amakuuzani kuti mutumize ngati document. Logo amaijambula mwa njira ina yoti ikhale yakuthwa kaya ili pa khadi kaya pakhoma la sitolo. M'mphepete mwa pepala amasiya malo oti mpeni ukadula usadye zilembo. Ndipo chilembo chimodzi chikalakwika pa dzina la malemu, mapepala 200 apita kudzala ndipo banja silidzakukhululukira. Ine ndikaiwala kubwezera impela ya pampu ya madzi injini imapsa pakati pa nyanja. Iye akaiwala kuwerenganso, dzina lake limapsa mu Limbe monse. Tonse timagwira ntchito ndi mantha ofanana.

Ena mumati zimenezi n'zachizungu, sizikutikhudza. Tayang'anani pozungulira. Chitenje cha mpingo chimene amayi anu avala, cha chipani chimene munalandira pa kampeni, wina anayamba wachijambula chisanalowe m'makina. Ku Blantyre komweko kuli fakitale ya Mapeto David Whitehead imene imadinda nsalu. Ilala imene timainyadira inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa n'kulumikizidwa pa Monkey Bay pompano, n'kuyamba kuyenda mu 1951. Mukuganiza kuti amisiri analumikiza bwanji zitsulo zonsezo popanda wina amene anajambula chilichonse papepala? Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linasintha mbendera, kuchotsa dzuwa lotuluka lija n'kuika dzuwa lathunthu loyera pakati. Dziko linakangana zaka ziwiri mpaka mu 2012, nthawi ya amayi Joyce Banda, aphungu anabwezeretsa yakale ija. Dziko lonse kukangana chifukwa cha mitundu itatu ndi dzuwa limodzi. Ndiye wina aziti dizaini ndi masewera a ana?

Ndikudziwa zimene madala athu amaopa, ndipo sindikuwanyoza. Amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwana akalowa m'boti lero, mawa m'mawa abwera ndi ndiwo ndi kandalama. Akapita ku tauni abwera ndi chiyani? Funso limeneli ndi labwino. Koma madala omwewo ndi amene amatiuza kuti kale chambo amachita kutaya, lero chambo chadya ndi a mahotela. Iwo omwe akuona kuti maboti achuluka, maukonde achuluka, ulendo wokapeza usipa ukutalika ndipo petulo akudya phindu lonse. Mwera ukawomba sabata yathunthu tonse timakhala pa bawo. Nyengo yotseka ikafika ngongole zimayamba. Ngati m'nyumba muli ana aamuna anayi, onse anayi n'kuwaika m'boti limodzi, tsiku limene nyanja yakana nyumba yonse yagona ndi njala. Tsiku limene boti lagubuduzika, Mulungu atiteteze, nyumba yonse yalira kanayi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwambi umenewu si ine ndaupeka, ndi wa akuluakulu omwewo.

Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya masipeya inakwera ngati yalumidwa ndi njuchi. Patangopita miyezi yochepa giya bokosi ya injini ya madala inaphwanyika. Ntchito yokonza inali yanga, yaulere, koma zitsulo zake sindikanazipanga ndi mano. Amene anatumiza ndalama yambiri pa Airtel Money kuti boti libwerere pamadzi ndi wongodinadina uja. Anthu asanu ndi atatu amene amakwera boti limenelo anadya chifukwa cha makadi a ukwati ndi mabana a mipingo ya ku Zingwangwa ndi Bangwe. Ena mwa amene munaseka Lachiwiri lija munali m'gulu limenelo. Sindikutchulani, mukudzidziwa.

Koma ndisanamize munthu. Mng'ono wanga si wolemera. Akukhalabe chipinda chimodzi cha lendi ku Misesa, alibe galimoto, miyezi ina zimamuvuta ndipo ine ndi amene ndimamutumizira. Chimene chimamubweza m'mbuyo kwambiri si magetsi, si inki. Ndife anzake. Tamverani bwino pamenepa aise. Timu yathu ya mpira ikafuna positala ya bonanza, timamuimbira. Mlongo wako akamakwatiwa, "man, tandipangire kakhadi, si kungodina basi." Woimba wathu wa pagombe akatulutsa nyimbo akufuna chikuto, ulere. Akatchula mtengo timati wayamba kunyada, wayiwala kwawo. Koma iwe wemwe ukabweretsa injini kwa ine umadziwa kuti ulipira. Ukakwera kabaza umalipira. Ukameta umalipira. Chifukwa chiyani maola atatu a munthu ameneyu ali aulere? Bandulo amagula ndi masamba a mtengo? Lendi amalipira ndi "zikomo man"? Pa kampeni ya chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 munthu wina wofuna mpando anamugwiritsa ntchito milungu iwiri, mapositala, matisheti, zonse, n'kumati tidzaonana tikawina. Sanawine, ndipo foni sayankhanso. Ameneyo ndi wakuba, koma ife amene timapempha zaulere tisamuloze chala kwambiri, tangosiyana kukula kwa thumba.

Choipa kwambiri n'chakuti timamudyera ulere, kenako n'kutembenuka kumati onani, ntchito yakeyo ilibe ndalama. Ilibe ndalama chifukwa ndalamayo ili m'thumba mwako.

Ena andiuza kuti masiku ano pali Canva, pali AI, aliyense atha kupanga positala pafoni, ndiye ntchitoyi yafa. Inenso ndinamufunsa zomwezo. Anandiyankha ndi funso: "Achimwene, pa YouTube pali mavidiyo okonza injini, bwanji anthu akubwerabe kwa inu?" Ndinakhala chete. Zoona, makadi a tsiku lobadwa anthu akudzipangira okha, ndipo amene amangodziwa zimenezo zokha ali pamavuto. Canva inayamba mu 2013 ku Australia, si yatsopano, ndipo iyenso amaigwiritsa ntchito pa zinthu zachangu. Koma foni siidziwa kuti pulinta ya ku Limbe imatulutsa bwanji mtundu wofiira. Siidziwa kuti pa pulogalamu ya maliro a Chisilamu ndi a Chikatolika simuikidwa zofanana. Imalakwitsa Chichewa, Chiyao ndiye osanena. Chida chikafika chatsopano, mmisiri weniweni amachiphunzira. Injini za four stroke zitayamba kuoneka kuno ine sindinataye masipana, ndinaphunzira.

Kwa inu achinyamata, musatenge uthengawu n'kukaonetsa makolo kuti mupeze chifukwa chokhalira pafoni tsiku lonse. Kubetcha mpira si kompyuta. Kuonera TikTok mpaka batire kutha si dizaini. Ngati mwakhala ndi foni zaka zitatu koma palibe chimene munapangapo choti munthu n'kuchigwira, madala akunena zoona, pitani mukakoke chilimira, ndi ntchito yaulemu ndipo ndi imene inatilera tonse. Chizindikiro cha mwana amene ali ndi chidwi chenicheni n'chakuti amapanga zinthu. Amajambula, amafunsa, amawononga n'kukonzanso. Ndipo samalani ndi timasukulu tina ta m'tauni timene timakulipiritsani miyezi itatu, anthu khumi kompyuta imodzi, n'kukupatsani satifiketi yokongola. Mng'ono wanga palibe kasitomala amene anamufunsapo satifiketi. Amamufunsa kuti tione zimene unapangapo. Ngati mukufuna pepala, funsani kaye ngati malowo ndi ovomerezeka ndi TEVETA. Ngati mulibe ndalama ya mapulogalamu odula, GIMP ndi Inkscape ndi aulere, mumangotsitsa.

Atsikana, nkhaniyi ndi yanunso. Pagombe pano mtsikana timamuwerengera thandala la usipa ndi ukwati basi, ndipo tonse tikudziwa zimene ena amakumana nazo kuti apeze nsomba kwa asodzi. Amene anayambitsa mHub ku Lilongwe, malo ophunzitsira achinyamata za luso la makompyuta, ndi mayi, Rachel Sibande. Mausi safunsa kuti ndiwe mwamuna kapena mkazi. Safuna mphamvu zokokera ukonde.

Tonse timanyadira William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, n'kupanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola. Filimu yake inatuluka mu 2019, ena tinaionera mu shedi momwemuja. Koma nthawi imene amatola zitsulozo anthu a m'mudzi mwake amati wapenga. Ife timakonda mwana waluso akaoneka pa kanema. Akakhala pakhomo pathu, ali ndi zaka 13, timamukoka khutu.

Ndiye ndikupempha zinthu zitatu, zonse zotheka, palibe chofuna boma kapena bungwe lakunja.

Choyamba, makolo ndi achimwene anzanga, mwana akaonetsa chidwi musamunyoze pagulu. Mupatseni ntchito zake zapakhomo, akamaliza mulekeni akaphunzire. Mufunseni akuonetseni chimene wapanga. M'mera mpoyamba.

Chachiwiri, ife a pagombe timasonkha ndalama za maliro, za mpira, za jenereta ya dansi. Laputopu imodzi yogwiritsidwapo kale ndi sola yake sizingatikanike ngati boti lililonse litapereka ndowa imodzi ya usipa pa mdima umodzi. A komiti ya pagombe, nkhaniyi ndibwera nayo pa msonkhano, musadzati sindinanene. Mawaya ndi batire ndidzalumikiza ine ulere. Mng'ono wanga wavomera kuti akabwera pa Khirisimasi adzakhala sabata imodzi ndi ana amene akufuna.

Chachitatu, lipirani. Mukafuna positala, khadi, chikuto cha nyimbo, funsani mtengo kaye ngati mmene mumachitira kwa ine, perekani theka poyamba, theka pomaliza. Ndipo amayi athu a usipa wofutsa ndi wokazinga, taganizani: usipa womwewo ukaikidwa m'pepala loyera lokhala ndi dzina ndi nambala ya foni umalowa m'mashopu a m'tauni pa mtengo wina. Azakhali ku Limbe ayamba kale, lebulo anawapangira mwana wawo yemweyo, ndipo analipira. Nyanja ndi kompyuta si adani. Wina amagwira nsomba, wina amakonza injini, wina amapanga kuti nsombayo igulidwe bwino.

Kwa bambo aja a Lachiwiri, ngati uthengawu wakupezani kudzera kwa ana anu, pepani ngati ndalankhula mopyola msinkhu wanga. Ndimakulemekezani, ndipo injini yanu ndipitiriza kukonza. Koma mwana wanu uja dzulo anabwera ku shedi kwanga n'kundifunsa monong'ona ngati n'zoona kuti achimwene a ku Misesa amalandira ndalama chifukwa chojambula. Ndinamuuza kuti eya. Anatulutsa kope m'thumba, masamba akumbuyo onse adzaza mayina a maboti a pagombe pano, lililonse ndi zilembo zakezake, lanunso lilipo. Mukamupeza mufunseni akuonetseni musanamukoke khutu.

Tumizani m'magulu ena a kunyanja, Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay, kulikonse kumene kuli mwana wa msodzi. Amene sakugwirizana nane andipeze pagombe, ndili pansi pa mtengo womwe uja, manja ali ndi girisi ngati nthawi zonse.